Kodi sola ya khonsolo ya Cape Town itsitsa mtengo wa mayunitsi?

Mayi wina wakwathu yemwe amachita lendi chipinda ku Cape Town wandilembera imelo. Akuti wamva kuti khonsolo ya mzindawo yayamba kupanga yokha magetsi a dzuwa, ndiye akufunsa ngati mayunitsi atsike mtengo.

Mayi, zomwe mwamvazo n'zoona, koma pa mtengo musayembekezere kusintha msanga. Mu 2024 khonsolo, motsogozedwa ndi meya Geordin Hill-Lewis, inayamba kumanga malo a sola ku Atlantis, kumpoto kwa mzinda, opanga mamegawati 7. Yerekezani ndi sola ya ku Salima kwathu kuno, ya mamegawati 60. Tsono Cape Town ikafika pachimake imafuna pafupifupi mamegawati 2,000. Magetsi ambiri omwe mukuphikira, khonsolo imagulabe ku Eskom, kampani ya boma la South Africa yopanga magetsi, n'kukugulitsani, ndipo Eskom ikakweza, monga inachitira mu 2023 ndi maperesenti oposa 18, ululu wake umafika pa mita yanu.

Palinso vuto la nthawi. Mu Juni, mvula ili waa, mukafika kunyumba kutada kale, mumayatsa ketulo, sitovu ndi hita nthawi imodzi, ndipo anansi onse akuchita chimodzimodzi. Dzuwa pamenepo lalowa. Chimene chakhala chikuuthandiza mzindawu pa nthawi ngati imeneyo ndi damu la Steenbras: magetsi akakhala kuti sakufunika kwambiri amapopa madzi kukwera nawo kuphiri, anthu akafuna magetsi ambiri amatsetsereza madziwo kuti apukuse makina a mamegawati 180. N'chifukwa chake nthawi ya kuthimathima makasitomala a khonsolo ankathimiridwa pang'ono kusiyana ndi a Eskom.

Komabe ine ntchito ya ku Atlantis ndikuikonda. Magetsi a Eskom ambiri amachokera ku malasha a ku chigawo cha Mpumalanga, komwe anthu amapuma utsi wake tsiku ndi tsiku. Yuniti iliyonse yochokera kudzuwa ndi malasha osawotchedwa, komanso ndalama yomwe khonsolo sinapereke kwa wina.

Chondidetsa nkhawa ndi anthu ngati inu. Khonsolo imagula magetsi otsala kwa amene anaika sola padenga, koma denga n'la landilodi. Mufunseni ngati ali ndi maganizo oika mapanelo, ndipo akavomera mugwirizane msanga, polemba, kuti yuniti muzigula pa mtengo wanji.