Kodi bambo a zaka 86 apite ku Johannesburg kukajambulitsa mtima?

Mayi wina wa ku Chinamwali wandilembera pa imelo kuti bambo ake, a zaka 86, amamva chifuwa kulemera akamakwera chitunda pochokera kumsika, ndipo akaima n'kupumako ululuwo umatha. Mlongo wake amene amagwira ntchito ku Johannesburg akufuna kuwatenga kuti akawajambule sikani yoona mmene magazi akufikira mu mnofu wa mtima. Funso la mayiyu ndi lakuti kodi munthu wa msinkhu umenewu angapirire kuyezaku, ndipo kodi ulendowo uli ndi phindu.

Mayi, kuyeza kumeneku pakokha sikoopsa kwa bambo anu. Madokotala amabaya mu mtsempha mankhwala ochepa otulutsa cheza, kawirikawiri technetium-99m, amene amayenda ndi magazi n'kukakhazikika mu mnofu wa mtima, kenako kamera yapadera imajambula mtimawo kawiri, pamene wagwira ntchito kwambiri ndi pamene ukupuma. Mbali imene ikuoneka yosowa magazi pa nthawi ya ntchito yokha imasonyeza mtsempha wopanikizika, pomwe imene ili yozima pa zithunzi zonse ziwiri nthawi zambiri imakhala chipsera cha vuto lakale. Mphamvu ya chezacho imatsika ndi theka pa maola 6 aliwonse, ndipo chiopsezo chochepa cha khansa chimene chingabwere nacho chimatenga zaka zambiri kuti chioneke, motero kwa munthu wa zaka 86 si nkhani yodetsa nkhawa. Mankhwalawa savutitsa impso monga amachitira madzi obaya pojambula mitsempha ndi makina a CT (sikani ina yogwiritsa ntchito X-ray), ndiponso CT imavutika kuona bwino mitsempha ya okalamba chifukwa imakhala itauma ndi kashiamu.

Okalamba ambiri sangathe kuthamanga pa makina kuti mtima ugwire ntchito kwambiri asanaujambule, choncho amapatsidwa mankhwala monga adenosine otsegula mitsempha ali chigonere. Apa pali zinthu ziwiri zoti banja lidziwe. Choyamba, tiyi, khofi ndi Coca-Cola zimafooketsa mankhwalawa, ndipo wodwala amauzidwa kuzisiya kwa maola 12 mpaka 24, lomwe ndi lamulo lowawa kwa madala amene sadziwa m'mawa wopanda kapu ya tiyi. Chachiwiri, ngati bambo ali ndi mphumu, dokotala auzidwe msanga, chifukwa adenosine angawatseke chifuwa, ndipo m'malo mwake pamagwiritsidwa ntchito dobutamine. Mudziwenso kuti mitsempha ikuluikulu yonse itatu ikapanikizika mofanana, chithunzi chikhoza kuoneka ngati zonse zili bwino, ndipo vuto lotereli limapezeka kwambiri mwa okalamba.

Koma funso limene ndikuona kuti ndi lalikulu simunalifunse: zotsatira zikatuluka zoipa, mudzatani? Sikani sichiza. Ntchito yake ndi kuthandiza dokotala kusankha ngati wodwala aikidwe stent (kachubu kotsegula mtsempha), achitidwe opaleshoni yolambalala potsekekapo, kapena angomwa mankhwala. Kafukufuku wamkulu wotchedwa ISCHEMIA, amene anasindikizidwa mu 2020 ndipo anatsata odwala 5,179 amene ululu wawo unali wokhazikika, anapeza kuti kuthamangira stent kapena opaleshoni sikunachepetse imfa poyerekeza ndi kuyamba ndi mankhwala, ngakhale kuti kunathandiza kuchepetsa ululu mwa amene ankavutika nawo pafupipafupi. Ambiri mwa odwalawo anali ocheperapo msinkhu kuposa bambo anu, ndipo kwa okalamba kutaya magazi ndi kuvulala kwa impso pambuyo pa stent kumachitika mochuluka. Ngati mwiniwake anena kuti safuna kuboola thupi, kapena ngati afooka kale moti amathera tsiku pa mphasa, ndalama za ndege ya ku Chileka zidzangokugulirani chithunzi. Basi yodutsa ku Tete ndi ku Harare musaiganizire n'komwe kwa munthu wodwala mtima.

Ine ndingayambire konkuno. Apiteni nawo ku Zomba Central Hospital akawayeze ECG (kuyeza kagundidwe ka mtima), BP, shuga, impso ndi kuchuluka kwa magazi m'thupi, pakuti kuchepa kwa magazi kokha kumatha kubweretsa ululu wa mtundu umenewu, ndipo kumachizika mosavuta. Mufunsenso ngati angawajambule mtima ndi echo (sikani yoona mmene mtima ndi zitseko zake zikugwirira ntchito), chifukwa kupanikizika kwa chitseko cha mtima chotchedwa aortic valve kumapezeka kwambiri pa msinkhu uwu ndipo zizindikiro zake n'zofanana. Mankhwala monga aspirin, statin, atenolol ndi kapiritsi koika pansi pa lilime amathandiza ambiri, koma dokotala ndiye asankhe mlingo, popeza okalamba amachita chizungulire n'kugwa BP ikatsika kwambiri.

Ngati patapita milungu ingapo ululu ukupitirira, bambo akadali amphamvu, amayendabe okha kumunda ndi kutchalitchi, ndipo avomera ndi pakamwa pawo kuti angalandire stent, pamenepo ulendo wa ku Johannesburg uli ndi tanthauzo, ndipo atenge kalata ya dokotala ndi zotsatira zonse za kuno. Koma ululu ukabwera ali chikhalire, ukapitirira mphindi 15, kapena ukadza ndi thukuta, kusanza ndi kubanika, apite kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, osadikira foni ya mlongo wanu.