Kodi wailesi ndi TV ya MBC zinayamba limodzi?

FUNSO: Zikomo a mkonzi, ine ndimagulitsa kachewere pa Lizulu ku Ntcheu kuno. Dzulo tikudikira makasitomala tinakangana ndi amalume, iwo akuti kale MBC inali wailesi basi kunalibe TV, ine ndimati zinayamba limodzi poti dzina ndi limodzi. Akunena zoona ndani?

YANKHO: Achimwene, amalume anuwo akunena zoona ndithu, kawapepeseni. MBC inayamba 1964 chaka chomwe tinalandira ufulu ndipo inali wailesi yokha, nthawi ya Kamuzu yonse ija dziko lino linalibe TV yakeyake, anthu amangozungulira kawailesi ka mabatire madzulo kumvera nkhani ndi mauthenga achisoni, mabatire akafooka kuwayanika padzuwa kuti mawa ayimbenso. Radio 2 inadzabwera 1997, nthawi ya a Bakili Muluzi. TV inayamba 1999 ndipo panthawiyo sinali ya MBC ayi, inali payokha dzina lake Television Malawi, ija timati TVM. Kenako boma linadzaphatikiza ziwirizi nkukhala MBC TV mukuonera leroyi. Ine zimandikhudza kuti achinyamata ambiri mbiri imeneyi sakuidziwa, amalumewo afunseni zambiri akadalipo.