Temwa anagoletsa zigoli zambiri, nanga mphoto inapita bwanji kwa Barbra Banda?

Bambo wina wa ku Kamwendo, m'boma la Mchinji, watilembera imelo. Akuti ku vidiyo sho komwe amaonerako mpira mkangano sukutha. Ena akuti mphoto ya wosewera wapamwamba mu Africa imapita kwa amene wagoletsa zigoli zambiri, ena akuti akuluakulu a CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa, amangokhalirana pansi n'kusankha wawo. Funso lawo ndi ili: "Ngati ndi zigoli, bwanji mu 2024 anapatsa Barbra Banda kusiya Temwa Chawinga? Nanga anzathu a ku Zambia, pongodutsa pa Mwami pompa, atengapo kawiri, ife tikulakwitsa pati?"

Bambo, mphotoyi sawerengera zigoli. Ndi ya mavoti. Mukaigwira mfundo imeneyi, theka la mkangano wa ku Kamwendo latha.

Dongosolo lake limayenda chonchi. CAF imayamba yatulutsa mndandanda wa mayina, kenako n'kumaupungula mpaka patatsala atatu kapena asanu. Ovota ndi makochi ndi makaputeni a matimu a mayiko, atolankhani osankhidwa, komanso akadaulo a CAF yomweyo. Aliyense amasanja mayina kuyambira amene wamugometsa kwambiri, ndipo malo aliwonse ali ndi mapointi ake. Ndiye munthu akhoza kupambana chifukwa choti pafupifupi aliyense wamuika pachiwiri, pamene mnzake ena amuika pamwamba koma ena samutchula n'komwe. Mayiko a mu CAF ndi 54. Tangoganizani kochi wa ku Mauritania kapena ku Djibouti ali ndi pepala lovotera m'manja: kodi masewero a wosewera wanuyo anawaonapo angati? Amalemba dzina limene analiona pa tsiku lalikulu, pamene Africa yense anali pa kanema.

Tiyeni tsono pa Temwa ndi Barbra, poti onse amasewera ligi imodzi, NWSL ya ku America. Mu 2024 Temwa, ku Kansas City Current, anagoletsa zigoli 20 m'masewero a ligi, zimene palibe anali atazifikapo, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'ligiyo. Barbra, ku Orlando Pride, anagoletsa 13. Mukaima pamenepa, a ku vidiyo sho akulondola kudandaula. Koma pitirizani. M'ndime ya chipulula matimu awiriwa anakumana mu semifainolo, Orlando n'kupambana 3-2, Barbra atagoletsanso. Mu fainolo Orlando inagonjetsa Washington Spirit 1-0, ndipo chigoli chokhacho chinali cha Barbra. Chaka chomwecho anali ku Olympics ku Paris ndi timu ya dziko lake, komwe anagoletsa zitatu pa masewero amodzi ndi Australia, ngakhale Zambia inaluza 6-5. Temwa analibe bwalo lotere atavala jezi ya Scorchers. Chikho cha COSAFA chimene Scorchers inatenga mu 2023, itakwapula Zambia yomweyo 2-1, kwa ife n'chachikulu, koma wovota wa ku Cairo kapena Dakar sachiyang'ana kawiri. Maganizo athu ndi akuti Temwa anayenera kufika patali kuposa pamene anafika. Koma kunena kuti Barbra anachita kupatsidwa, ayi, kumeneko n'kulankhula ndi mtima wowawa.

Za Kalusha Bwalya, wa ku Zambia winayo, n'chimodzimodzi. Anatenga mphotoyi mu 1988 akusewera ku Cercle Brugge ku Belgium, timu yosatchuka kwenikweni. Chinamunyamula ndi Olympics ya ku Seoul, pamene Zambia inasambitsa Italy 4-0, iye atagoletsa zitatu. Masana amodzi okha, dziko lonse linamudziwa. Mpaka lero, kumbali ya amuna, palibenso wa kuno kummwera kwa Africa amene waitenga.

Pano tikonzeko pang'ono: mphoto ya Kalusha sinali ya CAF. Anayambitsa zimenezi ndi magazini ya France Football mu 1970, ndipo woyamba anali Salif Keïta wa ku Mali. CAF inayamba yake mu 1992, moti kwa zaka zitatu mphoto zinali ziwiri. N'chifukwa chake anthu awiri akhoza kutsutsana za 1993 onse akunena zoona: France Football inapatsa Abedi Pele, CAF inapatsa Rashidi Yekini. Mu 1994 zinateronso, uku George Weah, uku Emmanuel Amunike. Magazini ija inasiya pamene mphoto yake ina yaikulu, ya Ballon d'Or, inatsegulidwa kwa osewera ochokera kunja kwa Europe mu 1995, ndipo Weah ndiye anaitenga chaka chimenecho. Panalinso ina ya BBC, yovota anthu wamba. Imeneyo ndi imene Christopher Katongo anatenga mu 2012 Zambia itapambana chikho cha Africa. Ya CAF chaka chimenecho inapita kwa Yaya Touré.

Apa ndiye pamene a gulu lachiwiri lija ali ndi pogwira. Ovota sakhala ndi muyezo umodzi. Chaka china chikho cha Africa chimalemera, chaka china ligi ya ku Europe ndiyo imalamula. Yaya yemweyo, atatenga kanayi motsatizana kuyambira 2011 mpaka 2014, anakweza chikho cha Africa ndi Ivory Coast mu 2015, koma mphoto n'kupita kwa Pierre-Emerick Aubameyang chifukwa cha zigoli za ku Borussia Dortmund. Yaya anakalipa poyera. Muyezo umene unamukomera mu 2012 ndi womwewo unamulanda mu 2015. Vuto lina n'lakuti mavoti amakonda ogoletsa. Onani mayina a kumbali ya amuna, poti amuna ndi amayi ali ndi mphoto zosiyana: Samuel Eto'o kanayi, Didier Drogba kawiri, Mohamed Salah kawiri, Sadio Mané kawiri, Victor Osimhen mu 2023, Ademola Lookman mu 2024. Wotchinga kumbuyo kapena goloboyi amachita kuvutikira, n'chifukwa chake kupambana kwa Achraf Hakimi mu 2025 kunali nkhani. Osewera m'matimu a mu Africa momwemuno anachita kuwapangira mphoto yawoyawo, poti pa yaikuluyo sankaonekanso.

Nanga ife? Flames yafika ku chikho cha Africa katatu kokha: 1984, 2010 ndi cha 2021 chimene chinaseweredwa ku Cameroon mu Januwale 2022. Ndipo taonani zimene zinachitika titangoonekera. Gabadinho Mhango anaona goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou, atasuntha pagolo, n'kumenya mpira ali kutali, pafupi ndi pakati pa bwalo. Masewerowo tinaluza 2-1, koma chigolicho chinafika pa zitatu zomaliza za chigoli chapamwamba cha chaka ku CAF. Luso lilipo. Chimene chikusowa ndi kubwerera ku mabwalo amenewo kawirikawiri.

Kumbali ya amayi mpata ulipo woonekeratu. Tabitha Chawinga anatsogolapo pa zigoli ku Italy ali ku Inter, n'kukateronso ku France ali ku Paris Saint-Germain. Asisat Oshoala, amene anatenga mphoto ya amayi kasanu ndi kamodzi, anali ndi Nigeria kumbuyo kwake, timu yosasowa ku mipikisano ikuluikulu. Ana a Chawinga mbali ya kalabu anaimaliza kale. Yatsala ndi ya Scorchers.