Funsani Makaniko: Malaiti a Hilux yanga akuwala ngati koloboyi

FUNSO: Akulu, ndili ndi Hilux yakale yomwe ndimanyamulira mbatatesi kuchoka ku Tsangano kupita ku Ulongue, nthawi zambiri mbandakucha, ndiye malaiti akungowala ngati koloboyi, nkhungu ikagwa maenje sindiwaona n'komwe. Mnyamata wina wa pagaraja anandiikira mababu a 100W koma pulagi yasungunuka, kuwala sikunasinthenso kwenikweni. Ndigule ma LED kapena? Wowerenga wa ku Tsangano.

YANKHO: Achimwene, vuto si babu ayi, ndi mawaya. Pa magalimoto akalewa magetsi a malaiti amayenda njira yayitali yozungulira ku switchi ya pachiwongolero, waya wake woonda komanso wokalamba, pofika ku babu mphamvu yathera m'njira. Yezani ndi multimeter (kachipangizo koyezera magetsi) injini ikulira malaiti ali oyaka, pa batire mupeza cha m'ma 14V koma pa pulagi mwina 12 basi. Babu wa halogen sachedwa kufooka, magetsi akatsika ndi 10 peresenti kuwala kumatsika pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Ndiye kuika 100W pa waya womwewo kuli ngati kuwonjezera matumba pangolo ng'ombe zitatopa kale, n'chifukwa chake pulagi yapsa.

Bwezerani mababu a H4 a 60/55W, muike ma relay awiri (relay ndi kaswitchi koyatsidwa ndi magetsi ochepa koma kodutsitsa magetsi ambiri), ina ya dimu ina ya fulu. Waya wonenepa wa 2.5mm² uchoke pa batire kudzera pa fyuzi ya 15A, relay iliyonse ndi fyuzi yake, ndipo fyuziyo ikhale pafupi ndi batire pomwepo. Miyendo ya relay ili ndi manambala: wayawo ulowe pa 30, pa 87 pachoke wopita ku mababu, 85 ndi 86 mutenge ku pulagi yakale kuti switchi izingodzutsa relay basi. Apa chenjerani, ma Toyota ambiri akale switchi imadula ethi osati positivi, wongolumikiza mwachizolowezi amadabwa malaiti akukana kuyaka.

Ethi yatsopano ya mababu mumange ndi bauti pachitsulo chopala penti, osati zathu zija zongopota waya n'kukulunga tepi, ndi mabampu a msewu wanuwo sabata siitha zayoyoka.

Za ma LED otchipa a pamsika ine ayi, mukawaika m'galasi la halogen amangomwaza kuwala n'kumathobwa m'maso anzanu a njinga zamoto. Ndipo pankhungu yendani ndi dimu, fulu amakubwererani m'maso.