Aphunzitsi a ku Tsangano, mlamu wanuyo si mfiti

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa aphunzitsi ena a ku Tsangano. Dzina andipempha kuti ndisunge, ndipo mukawerenga mumvetsa chifukwa chake. Akuti anayamba chesi chaka chino, akuonera mavidiyo pa YouTube pafupifupi usiku uliwonse, koma mlamu wawo, kamnyamata kamng'ono ka akazi awo kamene kali ku sekondale ku Ulongwe, kakabwera kutchuthi kamawapha ndi mayendedwe anayi basi. "Amatulutsa dama (mfumukazi) msangamsanga, kenako bishopu, ndisanakhazikike n'komwe pampando ndimangomva akuti mate (mfumu yasowa kothawira, masewera atha). Ndaonera mavidiyo ambiri a misampha, mamega akutha, koma ndikakhala pabolodi zonse zimabalalika m'mutu. Kodi ndionere vidiyo iti?"

Aphunzitsi, pepani, poyamba ndinaseka. Sindinaseke inu ayi, ndinakumbukira ineyo pakhonde la malo ometera ku Ulongwe, tikusewera pa katoni yojambula ndi makala, zitsekerero za mabotolo zili m'malo mwa mapiyau, asilikali aang'ono a mzere wakutsogolo aja, amene anasowa. Anandipha motero katatu tsiku limodzi, anyamata odikira kumeta akuombera m'manja. Ndiye ululu wake ndikuudziwa, makamaka wokuphayo akakhala mlamu, poti mlamu sasunga chinsinsi, nkhani imakafika mpaka kwa apongozi.

Chimene akukuchitanicho chili ndi dzina. M'mavidiyo a Chipwitikizi mumva akuti mate do pastor, a Chingerezi amati Scholar's mate, ndipo dzina la Chingerezilo linalembedwa kale m'buku mu 1656. Mwanayo sanatulukire kanthu. Akungogogoda pa khomo limodzi lomwelo limene oyamba kumene onse amaiwala kutseka.

Tengani bolodi, muyale asilikali onse, muyang'ane mbali ya akuda. Ikani chala pa piyau wa pa f7, uja ali chamtsogolo kwa mfumu, kumbali ya bishopu (nyumba iliyonse ya pabolodi imatchedwa ndi chilembo, a mpaka h, ndi nambala, 1 mpaka 8). Dzifunseni kuti akumulondera ndani. Mupeza kuti ndi mfumu yokha. Kavalo samufikira, bishopu samufikira, dama naye ayi. Kwa oyera nyumba yotere ndi f2. Misampha yambiri imene oyamba kumene amakodwamo pamayendedwe khumi oyambirira imalunjika pamenepa. Mukangoidziwa nyumba imeneyi ngati mmene mumadziwira pamene mpanda wa dimba lanu unagumuka, theka la mavidiyo mwaonera aja lasanduka nkhani imodzi.

Tiyeni tiyende nawo masewerawo pang'onopang'ono. Mlamu, amene ali ndi oyera, akankha piyau wa kutsogolo kwa mfumu kufika pa e4, inu muyankha e5. Atulutsa dama kupita pa h5. Apa musagwire kanthu kaye. Manja akhale pamaondo, mufunse kuti: akufuna kudya chiyani? Dama yekha sangadye pa f7, mfumu ingamudye. Chimene akuloza panopa ndi piyau wanu wa pa e5, amene alibe mlonda. Ambiri apa amapsa mtima, n'kukankha g6 kuti athamangitse dama. Ndiye tsoka lenilenilo. Dama amadya e5 ndi sheke (kuopseza mfumu), ndipo mukamatchinga mfumu, iye amapitirira kukadya tore, msilikali wa pakona uja wa pa h8, amene mwamutsegulira nokha njira. Yankho ndi kavalo pa c6. Watuluka, ndipo akulondera e5.

Iye abweretsa bishopu pa c4. Funso lomwe lija. Tsopano pa f7 aloza awiri, dama ndi bishopu, mlonda ndi mmodzi. Ndikukhulupirira kuti apa m'pamene inu mumatulutsa kavalo wina pa f6 poganiza kuti mukuopseza dama, iye n'kungodya f7, masewera atha. Kuopseza munthu amene watsala kuyenda kamodzi kuti akupheni sikuthandiza. Apa ndiye nthawi ya g6 yakwana, chifukwa e5 ali ndi mlonda tsopano. Dama abwerera pa f3, n'kulozanso f7 kuchokera kumunsi. Inu muika kavalo pa f6, njira yatsekeka. Onani bwino: g6 yemweyo anali poizoni kuyenda kumodzi kwapitako, pano ndi mankhwala. Kavalo pa f6 anali imfa, pano ndi chitseko. N'chifukwa chake kuloweza kuti "yankho ndi g6" kumagwetsa anthu. Muyenera kudziwa chimene chikusintha.

Mlamu wouma mutu sasiyira pomwepo. Amapita ndi dama pa b3, kumbuyo kwa bishopu, kufunabe f7. Apa pali kokoma. Lumphitsani kavalo wa pa c6 afike pa d4. Akuopseza dama, akulozanso c2 pamene angachite sheke n'kudya tore. Mlamu akadya f7 ndi bishopu, musanjenjemere, mfumu ikwere pa e7. Dama ayenera kuthawa kavalo koma osasiya bishopu wake, ndiye amaima pa c4. Inu mukankha piyau b5. Yang'anani mzere wopingasa umene dama ayenera kukhalamo kuti ateteze bishopu: pa b3 kavalo amudya, pa d5 kavalo wina amudya, pa e6 amudyanso. Angachite sheke pa c5, inu n'kutchinga ndi d6, koma bishopu uja wapita basi. Tsiku limene mudzachite zimenezi, muitanitse akazi anu adzaonerere.

Akayamba ndi bishopu pa c4 dama asanatuluke, ntchito yachepa: kavalo pa f6 nthawi yomweyo. Nyumba ya h5 yalonderedwa, ndipo dama akabwera pa f3 apeza kavalo waima pakhomo.

Kutulutsa dama msanga si mlandu, koma kumadya nthawi. Iye akuyendetsa msilikali mmodzi katatu kanayi, inu mukutulutsa atsopano. Ngakhale Hikaru Nakamura, katswiri wa ku America, anayesapo dama pa h5 pa kuyenda kwachiwiri mu 2005 posewera ndi Krishnan Sasikiran wa ku India, ndipo masewera amenewo anagonja.

Tsopano funso lanu lenileni, loti muonere vidiyo iti. Ine ndikuti vuto si vidiyo, ndi kaoneredwe. Mwanena nokha kuti mumaonera usiku. Ndikukuonani: kuzizira kwa ku Tsangano kuja, mwafunda bulangete mpaka m'khosi, foni ili pamphuno, vidiyo ikatha ina yayamba yokha. Lero msampha wa Stafford, mawa wa Englund, mkuja "pambanani ndi mayendedwe asanu ndi atatu". Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Wopanga vidiyo amayendetsa asilikali ndi mivi yofiira ndi yobiriwira, zonse zimaoneka zomveka, mutu umangovomera. Koma amene akuganiza ndi iyeyo. Inu mukungoonerera ngati mpira. Munthu saphunzira bawo poima kumbuyo kwa madala, mpaka atakhala pansi nkhomo zili m'manja, adyedwe, awerenge yekha nyumba.

Ndiye chitani chonchi. Vidiyo muziionera masana, mutakhala tsonga, bolodi yeniyeni ili patebulo. Mphunzitsi wa m'vidiyo akayendetsa msilikali wa mdani, imitsani vidiyo asanayankhe. Yendetsani msilikaliyo pa bolodi yanu ndi dzanja lanu, munene mokweza chimene mdani akufuna, musankhe yankho lanu, kenako mupitirize kuti muone ngati mwagwirizana. Vidiyo ya mphindi khumi idzakutengerani mwina ola lathunthu. Palibe cholakwika. Mukamaliza zimitsani foni, muyalenso asilikali, muyende mzere wonse opanda wokuuzani, mbali zonse ziwiri. Pamene mwakakamira mpamene simunamvetse, ndipo mubwerere pamenepo pokha. Inu ndinu aphunzitsi, mukudziwa kusiyana kwa mwana amene akugwedeza mutu m'kalasi ndi amene wapatsidwa choko kuti alembe yekha.

Posankha vidiyo, ayambe ndi masewera anu. Mwagonja ndi dama pa h5? Funani vidiyo ya zimenezo zokha, imodzi, muikhalire sabata. Ndipo samalani, mavidiyo a misampha ali pawiri. Ena amaphunzitsa kutchera, ena amaphunzitsa kuonjola. Otchera ndiwo ambiri chifukwa ndiwo amakoka anthu, koma ambiri amangoonetsa mdani akulakwitsa, saonetsa zimene zimachitika mdani akayankha bwino. Polemba pofufuzira yambani ndi mawu oti como defender kapena how to defend. Ine ndimakondanso mavidiyo amene katswiri akusewera masewera athunthu ndi oyamba kumene, akulankhula zimene akuganiza pa kuyenda kulikonse. Aman Hambleton wa ku Canada ali ndi mndandanda wotere wotchedwa Building Habits, ndipo ngati Chingerezi chikuthamanga, Rafael Leite wa Xadrez Brasil amafotokoza m'Chipwitikizi chosavuta kutsatira. Akamathamanga, YouTube imalola kuchepetsa liwiro kufika pa 0.75.

Pali kamwala kena kamene kamapunthwitsa ife a kuno, amene timamwa zitsime ziwiri, mavidiyo a ku Brazil ndi a Chingerezi. Zilembo za asilikali n'zosiyana. M'Chipwitikizi R ndi rei, mfumu. D ndi dama, T ndi tore, C ndi kavalo. M'Chingerezi mfumu ndi K, dama ndi Q, kavalo ndi N, ndipo R ndi tore. B yekha ndiye amagwirizana. Ine ndinakhala madzulo athunthu ndikudabwa kuti mfumu ikudumpha bwanji nyumba zinayi, osadziwa kuti ndikuwerenga R wa Chingerezi ndi maso a Chipwitikizi. Sankhani kalembedwe kamodzi ka m'kope mwanu. (Kavaloyu ndiye sativuta, dzina lake tinalitenga kalekale kwa Apwitikizi, lili m'Chichewa chathu.)

Za mamega: bolodi ya chesi si filimu. Ikani vidiyo pa 240p kapena 360p, asilikali amaonekabe bwinobwino. Ndipo mukatsata njira ya vidiyo imodzi pa sabata, vuto la mamega latha lokha. Zotsalazo muzigwiritse ntchito pa Lichess, webusayiti ya chesi imene ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, ndipo siidya mamega ngati vidiyo. Ili ndi bolodi yofufuzira pamene mungaike mayendedwe a masewera anu ndi mlamu, kompyuta yotchedwa Stockfish n'kukuonetsani pamene munapatukira. Koma kuti mutero muyenera kulemba masewerawo. Kope la ana asukulu ndi lokwanira. Mlamu adzaseka akadzaona mukulemba, musiyeni aseke.

Ndikuchenjezeni za chimene chikubwera, chifukwa mwana ameneyu akaona kuti dama pa h5 sakugwiranso, apita pa YouTube yomweyo n'kubwera ndi china. Chotsatira chake nthawi zambiri ndi chimene Angerezi amati Fried Liver, Ataliyana amati Fegatello, msampha umene unkaseweredwa kale ku Italy zaka zoposa 400 zapitazo. Umayenda chonchi: e4 e5, kavalo f3 kavalo c6, bishopu c4 kavalo f6, kenako kavalo wake alumphira pa g5. Yang'anani kumene kavalo ndi bishopu aloza. Pa f7 pomwe paja. Mutchinga ndi d5, iye adya ndi piyau, ndipo dzanja limafuna kubwezera ndi kavalo pa d5. Mukatero iye amapereka kavalo wake pa f7, mfumu yanu idya, dama achita sheke pa f3, ndipo kuti musataye kavalo mfumu iyenera kutuluka kufika pa e6, pakati pa bwalo, mvula ya masheke ili pamutu. Akatswiri amatha kupulumuka pamenepo. Inu ndi ine ayi.

Njira yodziwika ndi kusabwezera pa d5, m'malo mwake kavalo wa pa c6 apite pa a5 kukaopseza bishopu. Ndi yabwino, koma mumakhala mwapereka piyau mmodzi ndipo pamafunika kudziwa zotsatira zake. Kwa inu panopa ndikuti izembeni nkhani yonseyo. Iye akaika bishopu pa c4, inunso ikani bishopu pa c5, kavalo wa pa g8 adikire kaye. Akalumphira pa g5 mwachizolowezi, dama wanu ali ndi njira yoyera kuchokera pa d8, amangomudya kavaloyo ulele. Akapanda kulumpha, inu mutulutsa kavalo pa f6 kuyenda kotsatira, ndipo akabwera pa g5 mochedwa mumangochita roke (mfumu kusuntha nyumba ziwiri kulowera kwa tore, tore n'kuidumpha), tore n'kuima pa f8 kumbuyo kwa piyau uja. Mlonda wachiwiri wafika.

Chinthu chimodzi chimene sindikugwirizana nacho m'kalata yanu ndi pamene mwati mukufuna msampha wanu woti mubwezere. Ndikumvetsa, mlamu ayenera kulawako. Koma mukaphunzira chesi ya misampha mudzafanana naye: mudzapambana masabata awiri, kenako mudzakumana ndi munthu wodziwa kutseka f7 ndipo pa kuyenda kwachisanu mudzakhala mulibe choti muchite, dama ali panja, akavalo akugona m'khola. Mukakhala ndi oyera sewerani e4, kavalo f3, bishopu c4, roke, d3, osathamangira kanthu. Mwana wozolowera kupha ndi mayendedwe anayi sakonda masewera aatali. Pofika kuyenda kwa 15 amayamba kusiya asilikali opanda mlonda, ndipo ntchito yanu ndi kungowaona n'kudya.

Tchuthi chikubwerachi mlamu asanakwere chapa (minibasi) ya ku Tsangano, muli ndi nthawi yoyenda mizere iwiriyi pabolodi mpaka dzanja lizolowere. Akadzafika mumupatse oyera, ndipo mudzandilembere mmene zidzathere, ndi mayendedwe ake omwe.