Mbiri ya agogo a Keyala: tiyambire pati?

Mayi wina wokhala ku Blantyre, koma kwawo kuli chakufupi ndi Ngabu, wanditumizira imelo. Agogo awo aamuna anatisiya chaka chatha atakalamba kwambiri, ndipo mwezi wamawa banja likavundukula chiliza. Abale asankha iwowa kuti akawerenge mbiri ya malemu. Agogowo anali msilikali wa Keyala (King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda), atabwerako nakhala kalipentala komanso mkulu wa mpingo. Mapepala awo anapita ndi madzi osefukira, yangotsala mendulo imodzi. Pabanjapo ena akuti anamenya nkhondo ya Hitler ku Burma, ena akutsutsa. Mayiwa akufunsa poyambira, ndiponso mmene angapewere kunamiza anthu pamanda.

Pepani mayi ndi malirowo. Tiyambe ndi zankhondozo, poti mpamene pagona mkangano.

Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland, amene likulu lawo linali ku Zomba, sanamenye nkhondo malo amodzi. Mu 1941 anathandiza kugonjetsa Ataliyana ku Ethiopia. Mu 1942 ena anali ku Madagascar. Mu 1944 ena analowa m'nkhalango za Burma, m'chigwa cha Kabaw, mvula ikugwa usana ndi usiku, malungo nawo akugwetsa anthu. Kumeneko adani awo anali Ajapani. Inde inali nkhondo yomwe ija yachiwiri ya dziko lonse, koma musakanene kuti ku Burma anakakumana ndi asilikali a Hitler. Palinso nkhondo ina imene mabanja ambiri amaisokoneza ndi imeneyi: ya ku Malaya, kumene asilikali athu anatumizidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Ngati agogo anali kamnyamata kosakwatira pa njala ya 1949, mwina ku Burma sanafikeko, ndipo n'kutheka kuti ulendo wawo unali wa ku Malaya.

Menduloyo iyang'aneni bwino. Ngati ili ngati nyenyezi, pakhoza kukhala mawu monga Burma Star kapena Africa Star. Ya ku Malaya ndi yozungulira, ili ndi kachitsulo kolembedwa Malaya, ndipo m'mphepete mwake mumakhala dzina ndi nambala ya msilikali. Nambala imeneyo ndi imene mungapite nayo ku kampu ya asilikali ya Cobbe Barracks kapena ku National Archives ku Zomba kukafunsa zambiri. Zikapanda kupezeka nthawi yake isanakwane, nenani zokhazo zimene mukuzitsimikiza. Musawakweze udindo. Pamaliro timakonda kusandutsa msilikali aliyense kukhala sajeni.

Koma langizo langa lenileni ndi ili: usilikali usadye mbiri yonse. Munthu amene wakhala zaka pafupifupi zana anavala yunifolomu zaka zowerengeka chabe. Zotsalazo anazithera pabenchi ya ukalipentala, ndi sowo, puleni ndi hamala, m'kutentha kuja kwa Okutobala kumene thukuta limagwera pathabwa. Anthu amene adzakhale pamanda tsikulo Burma saidziwa. Amadziwa zitseko zawo, mafelemu a mawindo, ngolo imene ankatutira thonje kupita kumsika, ndi mizati ya tsanya imene chiswe chailephera mpaka lero.

Choncho musanalembe kanthu, kwerani basi ya ku Ngabu, mukagone kumudzi. Funsani kuti m'mudzimo n'chiyani chimene chinatuluka m'manja mwawo chomwe chilipobe. Funsani amene anawaphunzitsa ntchito, chifukwa mmisiri wakale sankasowa anyamata omugwirira thabwa, ndipo ena mwa iwo lero ali ndi mashopu awo ku Nchalo kapena ku Bangula. Mmodzi wa iwowo mumupatse mpata alankhule, ngakhale pang'ono. Ndipo funsani za mabokosi. Kalipentala wakumudzi amadzutsidwa pakati pa usiku maliro akagwa, n'kukhoma bokosi ndi nyali kuti pofika m'mawa likhale lakonzeka, nthawi zambiri pangongole imene amadziwiratu kuti sidzabwezedwa. Ngati agogo anu ankachita zimenezi, amene anathandizidwawo akakuuzani okha, ndipo Chikhristu chawo chidzaonekera pamenepo kuposa pa mndandanda wa maudindo.

Maudindowo asiyireni ampingo. Mlembi wa mpingo ali ndi kaundula wa ubatizo, ukwati ndi chaka chimene anaikidwa ukulu, ndipo abusa adzanena zimenezo. Inu mungowapempha zakazo kuti mbiri ziwirizi zisatsutsane. Kaundula yemweyo angakuthandizeni kuyerekeza chaka chobadwa. Ngati sichikudziwika, pamwala lembani kuti cha m'ma chakuti, osati tsiku longopeka.

Za banja, anthu amangowerenga manambala a ana, zidzukulu ndi zidzukulutudzi, anthu n'kuwomba m'manja. Werengani, palibe cholakwa. Koma tchulaninso agogo aakazi, amene anagwira khasu ndi kulera ana pamene mwamuna anali kutsidya kwa nyanja osadziwika ngati adzabwera. Tchulaninso ana amasiye amene anakulira pakhomopo, ndi alendo othawa nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980 ngati banja linawapatsa pogona, monga anachitira mabanja ambiri ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Ngati panali mkazi wina kapena ana a kwina, kambiranani ndi akuluakulu pasadakhale. Kusatchula dzina la mwana pamanda kumabutsa mlandu wosatha.

Mbiriyo ikhale yaifupi, chifukwa dzuwa la kuchigwa silidikira wolankhula, ndipo okalamba adzakhala pansi. Ngati ambiri obwera ndi olankhula Chisena, pezani wina woti anene mwachidule m'chilankhulo chawo. Zambiri zimene mukatole kumudziko zilembeni padera, mujambule menduloyo ndi zitseko zija pafoni, mutumizire abale pa WhatsApp. Zikhale m'manja mwa anthu angapo, ena okhala kumtunda, poti mitsinje ya Shire ndi Mwanza idzasefukiranso.