Mngoni wa mbatatesi akasaka chiyani m'madzi amchere?

Kalata yafika kuchokera ku Ulónguè. Mnyamata wina waona kanema wa anthu akusambira pansi pa nyanja pambali pa nsomba yaikulu yolusa yotchedwa tiger shark, ija pa Chipwitikizi amati tubarão-tigre, ndiye akufunsa komwe angakaione ndi maso ake. Akuti kwawo akumuseka, ati Mngoni wolima mbatatesi akasaka chiyani m'madzi amchere.

Achimwene, kusekedwako ndiko kwandikhazika pansi kuti ndilembe. Ine ndinakulira mumzinda wa Tete, Zambezi ali pamphuno, koma agogo ankatikwapula tikangoviika phazi. Sankalakwa, ng'ona za mumtsinje umenewu zimatenga anthu chaka ndi chaka. Ndinaphunzira kusambira ndili ndi ndevu kale, nditapeza ganyu yonyamula masilinda a mpweya ku Ponta do Ouro, kumalire ndi South Africa. Nditawauza amalume pafoni kuti ndayamba kutsika pansi pa nyanja, anakhala chete kaye, kenako anati: "Ukufuna tidzaike thunthu la nthochi m'manda?" Mpaka lero mawuwo amandiwawa.

Chimene ndinalephera kuwafotokozera n'chakuti ng'ona ndi shaki si zimodzi. Ng'ona imakubisalira m'madzi amatope, imadziwa dooko lomwe amayi amachapirapo. Shaki m'madzi oyera mumaonana maso ndi maso. Sindikuti ndi mwanankhosa ayi. Pa shaki zimene zaluma anthu, tiger shark ndi yachiwiri kwa shaki ina yotchedwa great white, ndipo imadya chilichonse: akamba, mbalame, nsomba, m'mimba mwake anapezamo ngakhale matayala. Koma amene akukusekaniwo mawa akwera bwato lodontha pa Cahora Bassa opanda jekete, osaopa.

Ndipo pali chondikwiyitsa china. Alendo amalipira ndalama zambiri kubwera ku Songo kudzawedza mcheni, nsomba yathu ya mano kunja imene iwo amaitcha tigerfish. Palibe amawafunsa kuti akusaka chiyani kwa eni. Ife tikafuna kuona zam'nyanja ya dziko lathu lomwe, akuti tapenga. Komanso shaki si mlendo kwenikweni kuno: bull shark imakwera mitsinje ya madzi opanda mchere, ndipo ku South Africa amangoitcha Zambezi, dzina la mtsinje wathu.

Yanga yoyamba ndinaiona ku Aliwal Shoal, kufupi ndi Umkomaas, kum'mwera kwa Durban. Inatulukira mwakachetechete kuchokera pansi, mutu wophwatalala ngati khasu, mizere ya m'nthiti itayamba kufufutika, poti ikamakula mizereyo imazimirira. Mamita atatu ndi kanthu, mwina anayi. Siinkathamanga, inkangoyenda ngati mfumu ikuyendera munda. Ine mtima uli phaphapha, ndinapuma mpweya mwadyera mpaka ndinakhala woyamba kubwezedwa pamwamba. Manyazi ake! Ndipo apa ndinene mosabisa: chimene chingakuvulazeni msanga si mano, ndi mantha anu. Wamantha amathawira pamwamba mwaliwiro atagwira mpweya, mapapo amavulala, mpweya wa nayitulojeni umachita thovu m'magazi. N'chifukwa chake timakwera pang'onopang'ono n'kuima mphindi 3 pa mamita 5.

Zoika nyambo m'chigubu kuti shaki zibwere, monga amachitira malo ambiri, poyamba sindinkaziona vuto. Pano zimandinyansa pang'ono. Chilombo ukachizoloweza kuti phokoso la injini ndi belu la nsima, wachisandutsa galu wa pakhomo. Komabe ndivomere, popanda chigubu chija mwina sindikanaiona.

Tsono mupite kuti?

Yambani ndi kusambira, m'dziwe losambirira, osati mu Zambezi chonde. Kenako satifiketi yotsikira pansi pa nyanja ya Open Water, imene imakulolani kufika mamita 18. Mungaichite ku Tofo, ku Inhambane, komwe kuli whale shark yosaluma munthu, kapena ku Ponta do Ouro, komwe msewu wa phula ukufika chitsegulireni mlatho wa Maputo–Katembe mu 2018. Malo a shaki kumeneko ndi Pinnacles, akuya kupitirira mamita 30, ndiye pafunika satifiketi yapamwamba ya Advanced, ndipo tiger shark imangodutsa mwa apo ndi apo m'miyezi yotentha. Mwayi wokulirapo uli ku Aliwal Shoal ndi Protea Banks, nakonso kum'mwera kwa Durban, nyengo ya dzinja lathu. Tiger Beach ku Bahamas, komwe madzi ake ndi osaya, ndi Fuvahmulah ku Maldives, komwe zimaoneka chaka chonse, ndiwo malo otchuka, koma tikiti yake mungagulitse mbatatesi za Tsangano yense.

Musatsike muli ndi chimfine, makutu adzakuphulikani. Mukamaliza dikirani tsiku lathunthu musanakwere ndege yobwerera ku bwalo la ndege la Chingodzi ku Tete. Amalume anga ndinawaonetsa chithunzi chaka chatha. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati imadyedwa.